Ipalase Pokwera, Ipume Potsetsereka

Ukwati wa Asiyatu ndi Malikebu
wagona m'kompyuta mwanga masabata atatu.
Maola asanu ndi limodzi a vidiyo,
perekaniperekani yekha maola awiri,
ndipo mayi a mkwatibwi aimba kanayi lero:
"Achimwene, mwana wangayu achita kubereka
tisanaone n'chithunzi chomwe?"

Ndiye usiku uno, kuno ku Chikanda,
ana asukulu a chipinda chinacho atazimitsa wailesi,
ndalowera khomo lakumbuyo la makina,
kuja amati bayosi,
kopanda maluwa, manambala okhaokha
ngati kaundula wa kuchipatala.
A kufakitale analemba 36.
Ine ndafufuta, ndalemba 42.

Twaibu, wokonza mafoni kuseri kwa depoti,
anandilangiza masana akutafuna chinangwa:
"Ukafuna liwiro, tseka zonse zosunga magetsi.
Purosesa isagone, isawodzere n'komwe,
ingoti njo ngati msilikali wa pageti la kubalaki."

Komatu Twaibu magetsi amamulipirira ndi malume ake.
Ine mita yanga ili pamwamba pa chitseko pomwepa,
kadiso kake kofiira phethiphethi,
kubudula maunitsi ngati chiswe pansungwi.

Ndiponso ndimawaona akabaza
pamtunda wopita ku Mulunguzi:
aimirira pamapedulo, mitsempha ya m'khosi ili panja,
malaya anyowa mpaka m'chiuno.
Koma msewu ukangoweramira kumsika
miyendo imaleka,
tcheni n'kumangoti tyetyetye,
mphepo ikuwaumitsa msana.
Sindinaonepo wopalasa potsetsereka
kuti anthu amutche wolimba.

Choncho zosunga magetsi ndazisiya zotsegula.

Ndaisenzetsa katundu.
Fani yakuwa. Madigiri 71, 78, 83.
Ndaika chikhatho pabokosi
monga umachitira pachipumi cha mwana wa malungo.
Yapirira, ola lathunthu, osatsimphina.
Ndanyadira, ndapita kukatereka tiyi.

Pobwera, sikirini yonse buluu.

Sinagwe pamtunda ayi.
Yagwa itatula katundu, itakhala pansi;
volteji yatsika mopitirira,
yagona ndi njala, osadzukanso.

Ndaima ndi kapu m'manja,
ndakumbuka bambo anga.
Zaka makumi atatu pamakina osindikizira a boma,
inki m'zikhadabo, osajombapo n'tsiku limodzi.
Anapuma pantchito mu Epulo.
Mu Julaye tinakawaika ku Jali.
Palibe anawaphunzitsa
kuti kukhala pansi nakonso kumafuna mphamvu.

Ndabwereranso kumanambala aja.
Ndawonjeza volteji pang'ono chabe,
kamchere ka pansonga ya chala,
kuti ikamawodzera isakomoke.
Yagwanso. Ndawonjeza kena.
Ndayesa 43 mwadyera, yandikanira poyera,
ndabwerera pa 42 ngati munthu wobweza chenje chosakhala chake.
Chilichonse ndikulemba kuseri kwa lisiti la maunitsi,
poti mutu wa pakati pausiku sukhulupirika.

Kenaka ndaukankha ukwati wonse.
Malikebu akuvina mopepera, suti yobwereka ikumukwera m'mikono,
Asiyatu akuseka ataphimba pakamwa,
ndalama zikugwera m'lichero,
kamzere kobiriwira kakukwawa, kakuyenda, kakuthamanga.

Kumzikiti ataitana kachisisira ka m'mawa,
nkhungu isanachoke paphewa la phiri,
ntchito yatha.
Ndakhala chete kudikira buluu uja.

Sanabwere.
Manambala atsika okha, mmodzimmodzi,
4200, 2600, 800,
fani yatsitsa mawu mpaka ndamva madontho a pampopi panja,
ndipo kadiso ka mita kayamba kuphethira mwaulesi
ngati nako kagwidwa tulo.

Twaibu adzati ndine wamantha,
mnzake wa ku Matawale anafika 45.
Adzanene.
Ndagwedeza mawusi pang'ono, yadzuka msangamsanga,
ndaisiya, yagonanso.
Ndachita zimenezi katatu, popanda chifukwa,
tiyi atazizira kalekale,
kenaka ndafufuza nambala ya mayi aja.